Nyanja ikudya mtunda, kapena ndife tamanga m'njira yake? Kusankha njira yofufuzira ku Mangochi

Chaka cha 2024 chinatizunguza mutu anthu a ku Mangochi. Kumtunda chimanga chinkafota ndi ng'amba ya El Niño, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Koma ku Nyanja ya Malawi madzi ankangokwera, kulowa m'nyumba, m'malo ogona alendo ndi pa madoko pomwe asodzi amayanika usipa. Pofika mu Epulo anali atadutsa mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere. Ena ankati nyengo yasintha ndipo nyanja yayamba kudya mtunda. Ena ankaloza chala ku Liwonde, kuti atseka zitseko za Kamuzu Barrage, zomwe zimalamulira kuchuluka kwa madzi odutsa mu mtsinje wa Shire kuchokera m'nyanja. Enanso, makamaka achikulire, ankati madzi angobwerera pakwawo, ndi anthu amene amanga m'njira yake.

Ndikulembera inu ophunzira Geography, a ku sekondale ndi a ku yunivesite omwe, pamodzi ndi aphunzitsi anu, chifukwa funso ngati ili ndi limene limaonetsa phindu la phunziroli. Maganizo atatu onsewa akumveka. Chimene chimasiyanitsa wofufuza ndi wongocheza pansi pa mtengo wa mango n'chakuti wofufuza amalemba ganizo lake m'njira yoti likhoza kugwa. Kunena kuti "nyanja yavuta" palibe amene angakutsutseni, ndipo palibenso chimene mwaphunzira. Koma mukati "nyumba zambiri zimene zinalowa madzi mu 2024 ndi zomangidwa chaka cha 2000 chitadutsa", mwapereka mpata woti manambala akuvomerezeni kapena akukaneni. Ganizo mukalikonza chonchi, m'pamene mungasankhe njira. Ambiri amayamba ndi njira, ndipo pafupifupi nthawi zonse imakhala pepala la mafunso.

Pepala la mafunso

Njira imeneyi imakondedwa chifukwa imaoneka yapafupi: mwasindikiza mapepala, kapena mwaika mafunso pa foni kudzera pa KoboToolbox yomwe imagwira ntchito ngakhale kulibe netiweki, basi mwalowa m'mudzi. Ili ndi mphamvu yake yeniyeni. Palibe chithunzi cha m'mlengalenga chimene chingakuuzeni chaka chimene banja linamanga, amene anawapatsa malo, kapena chifukwa chimene sanasamuke madzi atayamba kufika pakhonde. Izi amadziwa ndi eni ake okha.

Vuto lili pa kusankha oti afunsidwe. Wogula usipa wodziwa ntchito yake amapisa dzanja mpaka pansi pa beseni, chifukwa wapamwamba sanena za wapansi. Wofufuza amene amangofunsa nyumba za m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, kapena anthu amene wawapeza atakhala pa sitolo, waona wapamwamba yekha. Kuno kwathu zinthu zimene zimapotoza sampulo, kutanthauza gulu la anthu osankhidwa kuti afunsidwe, n'zodziwika. Asodzi a chilimira amachezera panyanja usiku, masana ali mtulo. Amuna ambiri a ku Namwera, Katuli ndi kwa Makanjira ali ku Joni. Lachisanu masana midzi yambiri imakhala ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan si bwino kusunga munthu padzuwa ndi mafunso makumi asanu. Mukapanda kuganizira izi, mudzabwerako ndi mayankho a gulu limodzi lokha, n'kumawatcha maganizo a mudzi wonse.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma osadula. Khalani pansi ndi amfumu ndi nduna zawo, mulembe nyumba zonse za m'mudzimo, iliyonse ndi nambala yake, kenaka muchite maere. Nyumba imene yagwera maere ndi imeneyo. Mukapeza palibe munthu, mubwerenso mawa, osalowa ya pafupi chifukwa pali anthu ochezeka. Pa funso la madzi, ndibwino kuyamba mwagawa mudzi m'mizere malinga ndi kutalikira kwake ndi gombe, kuti maere asagwere kumtunda kokha.

Nanga afunsidwe angati? Masamu ake ndi akuti anthu 100 osankhidwa mwa maere amakupatsani yankho limene lingaphonye ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse, mbali iyi kapena iyo. Anthu 400 amachepetsa kuphonyako kufika pa 5, ndipo kuti kufike pa 2.5 mufunika 1,600. Kuchepetsa cholakwa ndi theka kumafuna kuchulukitsa ntchito kanayi. Ngati mudzi uli ndi nyumba 300 zokha, pafupifupi 170 zikukwanirani kufika pa 5 paja. Koma ndinene mosabisa: nyumba 80 zosankhidwa mwa maere ndimazikhulupirira kuposa 400 zotola m'njira.

Pali zina ziwiri zimene mabuku olembedwa kutali satchula. Choyamba, mlendo wa pepala ndi cholembera amaoneka ngati wolemba maina a thandizo. Anthu amene ataya katundu sangadzudzulidwe poyembekezera choncho, koma zimakweza manambala a zoonongeka. Fotokozani poyera pamsonkhano wa amfumu kuti simukugawa kanthu, ndipo musalembe maina a anthu pa pepala la mayankho. Chachiwiri ndi chiyankhulo. Midzi yambiri ya kwa Jalasi, Bwananyambi ndi Makanjira imayankhula Chiyao, ndipo agogo amene akuyankha m'Chichewa chongobwereka amafupikitsa nkhani. Mafunso amasuliridwe musananyamuke, ayesedwe pa anthu ochepa, osati aliyense wofunsa azimasulira m'mutu mwake ali pakhomo pa eni.

Zolembedwa kale

Njira imene ndimaidandaula kuti imanyozedwa ndi iyi. Ophunzira amaona ngati kugwiritsa ntchito manambala a boma si kufufuza kwenikweni, pomwe pa funso lathuli ndi imene imayankha gawo lalikulu musanawononge ndi khobidi lomwe la minibasi.

Kukwera ndi kutsika kwa Nyanja ya Malawi kwakhala kukulembedwa kuyambira 1896. M'kaundula ameneyu muli zinthu zimene aliyense wa ku Mangochi ayenera kuzidziwa. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Mu 1980 inakwera kufika cha m'ma mamita 477, kuposa mu 2024. Pofika 1997 inali itatsikanso kufika pafupifupi mamita 473. Ndiye kuti madzi a 2024 sanafike pamalo achilendo. Anafika pomwe anafikapo kale makolo athu akuona. Ichi chokha chikufooketsa ganizo loti nyanja yayamba khalidwe latsopano, ngakhale sichikutsutsa kuti nyengo ikusintha. N'chifukwa chakenso a National Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira madzi, amanena kuti pansi pa mzere wa mamita 477 ndi malo a nyanja.

Pambali pa apo ikani kalembera. A National Statistical Office ku Zomba anapeza anthu pafupifupi 800,000 m'boma la Mangochi mu 2008, ndipo mu 2018 anapeza 1,148,611. Anthu onse owonjezerawa anafunika pomanga, ndipo zaka zambiri za pakatipo gombe linali lotambalala chifukwa madzi anali pansi. Apa ganizo la achikulire lija layamba kulemera. Koma samalani: kalembera akunena za boma lonse. Sakunena kuti anthu owonjezerawo anamanga m'mbali mwa nyanja. Ena ali ku Chilipa, ena kumapiri a ku Namwera. Kutenga nambala ya boma lonse n'kuiveka mudzi umodzi ndi kulakwitsa kumene kumapezeka m'malipoti ambiri.

Kufooka kwa njirayi n'koti manambala anatoleredwa ndi ena, pa zolinga zawo. Malo oyezera mvula a Dipatimenti ya Zanyengo ndi ochepa, ndipo mvula ya pa boma kapena ku Monkey Bay si mvula ya ku Namwera, komwe n'kokwera ndi kozizira. M'kaundula mumakhala miyezi yosowa. Kupeza zikalatazo kumafuna kalata yochokera kusukulu ndi kuleza mtima, choncho pemphani msanga, teremu isanafike pakati.

Zithunzi za satelayiti

Zaka za m'mbuyomu njira iyi inali ya mabungwe a ndalama. Lero si choncho. Zithunzi za masatelayiti a Landsat, zomwe zinayamba mu 1972, zakhala zaulere kuyambira 2008. Satelayiti ina, Sentinel-2, inayamba mu 2015, imaona kadera ka mamita 10 ngati kadontho kamodzi, ndipo imadutsa pamalo amodzi pafupifupi masiku asanu alionse. Pulogalamu ya QGIS yopangira mapu ndi yaulerenso. Amene alibe kompyuta yamphamvu angayambe ndi Google Earth, pomwe mungabwerere m'mbuyo zaka zingapo n'kuwerenga madenga amodziamodzi pakati pa msewu ndi gombe. Pa funso loti nyumba zachuluka bwanji kumunsi, palibe njira ina yofulumira ngati iyi, ndipo imafika ngakhale kwa Makanjira nthawi imene msewu wavuta.

Ili ndi misampha itatu imene ndimafuna wophunzira aliyense aidziwe. Nyanja imapuma chaka chilichonse: imadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika ndi pafupifupi mita imodzi pofika Novembala kapena Disembala. Pamalo athyathyathya ngati m'mbali mwa Malombe, mita imodzi imeneyi imasuntha gombe kutali ndithu. Mukayerekeza chithunzi cha Novembala wa chaka china ndi cha Epulo wa chaka china, mudzalengeza kuti nyanja yadya mtunda pomwe mwangojambula nyengo ziwiri. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo. Msampha wina ndi mitambo, yomwe imaphimba zithunzi nthawi ya dzinja, nthawi yomwe madzi osefukira akufunika kuoneka; Sentinel-1 imaboola mitambo chifukwa imagwiritsa ntchito radar, koma kumasulira zithunzi zake kumafuna wokuphunzitsani. Wachitatu ndi bango ndi namasupuni, zomwe kuchokera kumwamba zimaoneka ngati mtunda wobiriwira pomwe pansi pake pali madzi.

Ndipo musadalire mapu a kukwera kwa nthaka a pa intaneti, monga a SRTM, kuti akuuzeni ngati nyumba ili pansi pa mzere wa 477. Amaphonya ndi mamita angapo, pomwe nkhani yonse yagona pa mita imodzi kapena iwiri. GPS ya pa foni imathandiza kudziwa pomwe mwaima, koma pa kukwera kwa malo imaphonya koposa.

Kuyeza ndi manja anu

Apa m'pamene pali mtima wanga. Chida chimene chimathetsa vuto la kukwera kwa nthaka chili kale m'manja mwa amisiri omanga nyumba: paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, ija amalinganizira maziko. Madzi a mbali ziwiri za paipi amaima pa mulingo umodzi. Ndi paipi imeneyi, tepi ndi ndodo ziwiri zolembedwa masentimita, ophunzira atatu angayambire pomwe madzi a nyanja alekezera, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka pa khonde la nyumba iliyonse imene inagwera maere. Mukatero mwadziwa kuti khondelo lili masentimita angati pamwamba pa nyanja tsiku limenelo. Mukafunsa kwa oyang'anira madzi mulingo wa nyanja wa tsiku lomwelo n'kuphatikiza, mwapeza kukwera kwa nyumbayo molondola kuposa satelayiti. Sankhani m'mawa wa bata, chifukwa mwera ukamaomba mafunde sakulolani kuona pomwe madzi aima. Yezani kawiri, kupita ndi kubwerera, kuti muone ngati manambala akugwirizana. Makoma ena angakhale akadali ndi mzere wa matope pomwe madzi anafika. Umenewo ndi mboni yosaiwala, uyezeninso.

Mtengo wa njirayi ndi nthawi ndi thukuta, ndipo imakwanira dera laling'ono. Sikuuzani za kale, imangonena za lero. M'mbali mwa Shire ndi Malombe muli ng'ona ndi mvuu, choncho palibe nambala yoyenera kuti mwana wa sukulu alowe m'bango. Yendani ndi munthu wa pamudzipo amene amadziwa madoko abwino.

Sukulu imene ikufuna kuyamba pang'ono ingaike choyezera mvula pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, n'kumawerenga nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa sikweya mita. Chaka chimodzi sichinena kanthu za kusintha kwa nyengo, popeza akatswiri amayeza nyengo ya dera pa zaka 30, koma kaundula wa zaka 30 amayamba ndi kope limodzi losamalidwa bwino.

Kucheza ndi akuluakulu

Ena amati iyi si sayansi chifukwa mulibe manambala. Sindigwirizana nawo. Agogo amene anali msodzi mu 1980 angakutengeni pa mtengo wa mlambe kapena pa maziko a mzikiti wakale n'kunena kuti madzi anafika apa. Malo amenewo mungawayeze ndi paipi ija, n'kuona ngati akugwirizana ndi kaundula wa boma. A komiti ya pa doko, ma BVC omwe anayamba ku Malombe mu 1993 chambo chitachepa kwambiri, amadziwa mmene madoko asunthira. Amfumu amadziwa chaka chimene anayamba kugawa malo a kumunsi, ndiponso kwa yani.

Chimene njirayi singachite ndi kukuuzani kuchuluka. Anthu asanu ndi atatu a pa zokambirana sangasandulike maperesenti. Zaka zimasakanikirana m'mutu, choncho mangirirani funso pa chinthu chodziwika, monga chaka cha referendamu ya 1993 kapena njala ya 2002. Amayi akhale paokha, chifukwa pamaso pa amfumu ndi ashehe ambiri amangovomera, chonsecho ndi iwo amene amatunga ndi kuchapa pagombe tsiku lililonse. Ndipo musalumphe makwerero: kalata ya kusukulu ipite kwa a DC, kenaka kwa a T/A, a gulupu, mpaka amfumu a pamudzi.

Manambala akabwera

Kutolera ndi theka chabe la ntchito. Tiyerekeze kuti mwafunsa mabanja khumi za katundu amene anataya: asanu ndi anayi anataya matumba awiri a chimanga lililonse, limodzi la wamalonda linataya 52. Avereji ikuti matumba 7, nambala imene sikufanana ndi banja lina lililonse pamenepo. Mukandandalika manambala kuyambira wamng'ono n'kutenga wapakati, mupeza 2, chomwe ndi chithunzi choona cha banja wamba. Pa chuma, nsomba zogwidwa ndi zoonongeka, pomwe ochepa amakhala ndi zambiri, nambala yapakati imanena zoona kuposa avereji. Lembani zonse ziwiri.

Ganizo lathu lija, loti nyumba zambiri zolowa madzi ndi zatsopano, limayesedwa ndi tebulo la zipinda zinayi: nyumba zakale ndi zatsopano mbali imodzi, zolowa madzi ndi zosalowa mbali inayo. Njira ya masamu yotchedwa Chi-square imakuuzani ngati kusiyana kumene mukuona n'kwakukulu kuposa kumene maere okha angabweretse. Ngati muli ndi chaka chomangira ndi kukwera kwa khonde, njira ina ya masamu yotchedwa Spearman ikuonetsani ngati nyumba zatsopano zikunka zitsikira kumunsi. Koma musanathamangire fomula, jambulani galafu ndi mapu. Dokotala wina, John Snow, ataika madontho a omwalira ndi kolera pa mapu a London mu 1854, anaonetsa kuti aunjikana mozungulira mpope umodzi wa pa Broad Street. Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri ndi kolera wa 2022 ndi 2023, ndiye phunziro limeneli si la kutali.

Chenjezo lalikulu ndi la zinthu zoyendera limodzi. Mukayerekeza mvula ya ku Mangochi ndi kukwera kwa nyanja, 2024 ikusokonezani: mvula yochepa, nyanja yodzaza. Chifukwa chake n'chakuti madzi ambiri a nyanjayi sachokera kuno. Amabwera ndi mitsinje ngati Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, North Rukuru, South Rukuru ndi Bua, pamodzi ndi mvula yogwa pa nyanja penipenipo, ndipo El Niño amene amaumitsa kummwera nthawi zambiri amanyowetsa chakumpoto. Madzi ambiri otuluka amauluka ndi dzuwa. Shire amatenga gawo lochepa. Ndiye funso la pa doko limodzi la kwa Mponda lili ndi mizu m'maiko atatu. Za barrage nazo zimayesedwa chimodzimodzi: inamangidwa mu 1965, ndipo madzi amene amatulutsidwa pamenepo amalembedwa. Yerekezani kuchuluka kwake ndi kukula kwa nyanja yonse musanagamule, mukukumbukira kuti madzi omwewo amayendetsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo akachuluka amamiza anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Pali chinanso cha Geography yokha. Katswiri wa Geography Waldo Tobler ananena mu 1970 kuti zinthu zoyandikana zimafanana kuposa zotalikirana. Nyumba 50 za pa doko limodzi zinamizidwa ndi madzi amodzi, pa nthaka imodzi; si mboni 50 zosiyana. Ndibwino kutenga nyumba zochepa m'midzi ingapo, wina wa ku Nankumba, wina wa m'mbali mwa Shire, wina wa kum'mawa cha ku Malindi, kusiyana ndi kuthera mphamvu zonse pamalo amodzi.

Tsono musankhe iti?

Kwa kalasi ya Fomu 3 kapena 4, ndingasankhe paipi ndi tepi, kuphatikiza kucheza ndi agogo awiri kapena atatu. Sizifuna intaneti, ndipo ana amaona ndi maso awo mmene nambala imabadwira komanso mmene imalakwikira. Pepala la mafunso ndingalisiye, chifukwa ana a sukulu ambiri akakhamukira m'mudzi ndi mapepala amangotopetsa anthu.

Kwa wa ku yunivesite wa ndalama zochepa, yambani ndi kaundula wa nyanja ndi kalembera, kenaka zithunzi za Google Earth kapena Sentinel-2 kuti musankhe midzi. Mukafika kumudzi, chezani ndi akuluakulu kaye, chifukwa adzakukonzerani mafunso amene munalemba muli ku Zomba kapena ku Mzuzu. Pepala la mafunso libwere pomaliza, lalifupi, pa nyumba za maere zomwezo zimene mwaziyeza. Amene akufufuzira khonsolo kapena bungwe loti lisamutse anthu sangadalire paipi yokha. Pamenepo pafunika akatswiri oyeza malo a ku Dipatimenti ya Surveys ndi zida zawo, popeza mzere umene ajambule udzakhudza malo a anthu.

Konzaninso kalendala molingana ndi nyanja, osati ndi tsiku lopereka lipoti lokha. Ulendo umodzi ukhale wa mu Epulo kapena Meyi madzi ali pamwamba, wina wa mu Novembala ali pansi, pa mizere yomweyo. Khomani zikhomo kapena lembani pa mwala pomwe mwayambira, ndipo muuze amfumu tanthauzo lake kuti ana asazizule ndiponso anthu asaganize kuti mukudula malo. Kope limodzi la zotsatira, lolembedwa m'Chichewa kapena m'Chiyao pamodzi ndi mapu ake, likasiyidwe kwa amfumu ndi kwa a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, chifukwa ndi iwo amene adzagawe malo omanga madzi akadzatsikanso.